Dzanja la a Mzere

Dzina loti a Mzere anawapatsa ndi makasitomala awo, chifukwa akadula mzere wa pachipumi ndi lumo, ukhoza kuikapo rula osapeza pokhota. Shopu yawo yometera ili pakati pa kagolosale ndi malo opangira fotokope. Muli mipando iwiri, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi katani yobisa kachipinda ka kumbuyo. M'kachipindamo muli sinki, mathaulo ndi kompyuta yakale imene imalira ngati firiji.

Kompyutayo si ya bizinesi ayi, ndi ya gemu. Inde, bambo wa ana atatu, imvi zitayamba kale m'mbali, amasewera gemu yowomberana, ija yothamanga yoti ukaphethira wafa. Amene amawaseka sadziwa chiyambi chake.

Bambo awo analinso ometa. Dzanja lawo linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, iwo n'kumabisa, mpaka tsiku lina anacheka khutu la munthu. Magazi sanali ambiri, koma kuchokera tsiku limenelo palibe anakhalanso pampando wawo. N'chifukwa chake a Mzere anadziikira lamulo. M'mawa uliwonse, asanakhudze mutu wa munthu, amalowa kuseri kwa katani n'kutsegula bwalo loyeserera la gemu ija, pamene zidole khumi zimatulukira uku ndi uku mwadzidzidzi. Akagwetsa zisanu ndi zitatu kapena kuposa apo, amatenga lumo. Zikachepera, tsiku limenelo ndi la makina ometera okhaokha. Pa zaka zisanu ndi chimodzi zinachepera kawiri kokha, ndipo masiku onse awiriwo anali ndi chimfine.

Lolemba lina gemu inachedwa kutseguka, ati ikulowetsa apudeti, zosintha zatsopano zochokera kwa eni ake. Pa sikirini panabwera chikalata chachitali cha tizilembo ting'onoting'ono. Abale, ndani amawerenga zimene zija? Anadina batani lovomera n'kugwira mausi. Chidole choyamba chinatulukira kumanja. Anakoka dzanja monga mwa masiku onse, koma kamtanda kolozera kanafika mochedwa, chidole chitazimiririka kale. Anagwetsa zinayi basi.

Anati mwina ndi tulo. Lachiwiri anagwetsa zisanu, Lachitatu zitatu. Anapukuta mausi kunsi ndi sipiriti, anasintha kansalu koyendetsapo, koma ayi ndithu. Kenako anaima pagalasi, natambasula dzanja n'kuliyang'anitsitsa. Tsono dzanja la munthu aliyense, ukaliyang'anitsitsa nthawi yaitali uli ndi mantha, limagwedera ndithu. A Mzere sanaganize zimenezo. Anangoona dzanja la bambo awo, ndipo anachita mantha kwambiri. Lumo analikulunga m'thaulo n'kulitsekera m'dirowa.

Tsiku lomwelo kunabwera aphunzitsi, mkulu wopuma pantchito amene kwa zaka khumi ndi chimodzi wakhala akumetetsa ndevu pompo, Lachitatu ndi Loweruka. Ataona a Mzere akuyatsa makina, anadzutsa mutu.

"Makina? Pa ndevu zanga? Kodi ndasanduka nkhosa, a Mzere?"

"Malezala abwino akusowa, aphunzitsi."

"Pagolosale apa ali mbwee."

"Amenewo ndi osongolera mapensulo."

Aphunzitsi anavula okha nsalu ya pakhosi, naipinda bwinobwino. "Ndibweranso Loweruka. Malezalawo akadzakhala kuti sanapezeke, ndidzawoloka msewu, kuli shopu ina."

Kunyumba a Mzere sananene kanthu. Kapu ya tiyi anayamba kuigwira ndi manja awiri. Akazi awo atafunsa kuti, "Bambo ake, kodi kapuyo yalemera liti?" anayankha kuti kukuzizira, chonsecho thukuta lili kamukamu pamphuno. Mumtima ankangowerenga ntchito zimene munthu wa dzanja lonjenjemera angagwire, ndipo sankazipeza.

Lachisanu masana, shopu ili zii, kunalowa mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene amagwira ntchito pa fotokope paja. Ndi iyeyo amene anawaikira gemuyo pakompyuta kalekale, ndipo naye amaisewera kwawo. Anabwera kudzabwereka ketulo, koma mkwiyo unalowa patsogolo.

"Alamu, mwaona zimene atichita eni ake a gemu aja? Mausi aimanga miyendo!"

"Aimanga bwanji?"

"Akuti osewera ndi padi, kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri kaja, amadandaula kuti ife a mausi timatembenuka msanga, ndiye aika malire pa liwiro. Ukakoka mwamphamvu, kamtanda kamachita kukwawa. Ine sabata yonseyi ndikungofa ngati nkhuku za chitopa."

A Mzere anaima chilili, burashi ili m'manja. "Mukuti nanunso mukuphonya?"

"Aliyense akuphonya! Kodi simunawerenge chikalata chija?"

A Mzere anangotsegula katani. Mlamuyo anakhala pakompyuta, nalowa m'masetingi, tsamba ili, tsamba lina, mpaka pansi penipeni pamene panali kabokosi katsopano kochongedwa kale, popanda amene anakapempha. Anafotokoza kuti pa mipikisano malirewo sachotseka, eni ake anakhoma, koma m'bwalo loyeserera munthu akhoza kuwazimitsa. Anawazimitsa. Kenako anaona kuti apudetiyo inafufutanso liwiro lawo lakale la mausi.

"Nambala yanu ya liwiro inali chiyani, alamu?"

"Kodi ndinali ndi nambala?"

"Mayo ine! Zaka zonsezi mukuyendetsa galimoto osadziwa kuti ili ndi magiya?"

Anayamba kuifuna ndi dzanja. A Mzere ankakoka mausi, mlamu n'kumasuntha kamzere ka liwiro. "Onjezerani pang'ono. Eyaa. Ayi, mwapyola, bwezani." A Mzere ankalankhula ngati kasitomala wovuta amene akuuza wometa za m'mbali mwa makutu. Pa ulendo wachisanu ndi chiwiri kamtanda kanaima ndendende pamene dzanja linaima, ndipo anamva m'thupi monse kuti ndi pamenepo.

Zidole zinayamba kutuluka. Anagwetsa zisanu ndi zinayi. Sanakhulupirire, anabwereza, zisanu ndi zinayinso. Kachitatu anagwetsa zonse khumi. Anasiya mausi, nakhala pa ndowa yovundikira imene inali pafupi ndi sinki, misozi ili chuchuchu.

"Aaa, alamu, mpaka kulirira gemu?"

A Mzere anamuuza zonse, za lamulo lawo la m'mawa, za khutu lija, za lumo la m'dirowa. Mlamuyo anasiya kuseka. Anafunsa ngati achemwali ake akudziwa. Atamva kuti ayi, ananyamula ketulo n'kunena kuti akapanda kuwauza okha pofika madzulo, akawauza ndi iyeyo, ndipo akathiramo mchere.

Madzulo a Mzere anawauza okha, mayiwo akuchotsa zovala pachingwe. Akazi awo anakwiya zenizeni, ndipo anali ndi chifukwa.

"Sabata yathunthu mukufa nokhanokha, ine ndili pompano? Dzulo lomweli ndani anandimangira mkanda, kakoloweko kaja kochepa ngati njere ya mpunga? Munalowetsa kamodzi, osaphonya. Ndiye mukukhulupirira zidole kuposa zimene manja anu akuchita?"

Zoonadi a Mzere anamanga mkandawo, koma maganizo anali kutali. Akazi awo anawalonjezetsa kuti tsiku lina zidole zikadzachepera, adzayambe kuuza iwo, kenako apite kuchipatala akapimidwe ndi anthu, osati kukabisala kuseri kwa katani. Analonjeza. Madzulo amenewo anadya ngati munthu wochokera ku ulendo, mtima uli m'malo.

Gemu ya mipikisano mpaka lero amaidandaula. Malire aja sanachotsedwe, ndipo ukawayamba nkhani imeneyi uli pampando, udziwe kuti uchedwa kuntchito. Nambala yawo ya liwiro anailemba ndi choko kuseri kwa chitseko, ndipo chikalata chilichonse chikabwera pa sikirini amaitana mlamu kudzera pawindo asanadine kanthu.

Loweruka lija aphunzitsi anafika nthawi yawo, ndevu zitamera ngati burashi yochapira nsapato. Anaima pakhomo osalowa.

"Malezala apezeka?"

"Apezeka, aphunzitsi. Khalani."

A Mzere anatsegula dirowa, namasula thaulo, naika lezala latsopano m'lumo. Anapaka thovu, nakoka khungu la patsaya ndi chala chachikulu, natsitsa lumo kuchokera pansi pa khutu kamodzi n'kamodzi. Aphunzitsi anatsamira kumbuyo, natseka maso, napereka khosi lonse. Lumo lisanafike pachibwano, mkuluyo anali atayamba kale kuliza mkonono.