Mawu Akuti Kusanduka

M'chaka changa chomaliza kusukulu yaukachenjede ndinkachita lendi kachipinda ku Masasa, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye amene ankagulitsa tomato kumsika waukulu. Kumunsi kwa nyumbayo kunali dambo, ndipo m'dambomo ndinatolera agulugufe kwa miyezi isanu ndi iwiri. Aliyense ndinkamubaya ndi kasingano pakatoni, n'kulemba pansi pake tsiku ndi malo amene ndinamugwirira. Kafukufuku wanga womalizira maphunziro anali yemweyo.

Chinandikopa chinali mbiri ya katswiri wina wa zachilengedwe wa ku Ulaya, amene anatha zaka zinayi m'nkhalango zakutali akutolera mbalame ndi tizilombo. Pobwerera kwawo sitima inapsa pakati pa nyanja, pafupifupi zonse zimene anatolera n'kupita. Iye anakayambiranso kuzilumba zina, ndipo kumeneko anazindikira mmene mitundu ya zamoyo imasinthira m'mibadwomibadwo.

Lamulungu lina masana mayi aja anabwera kudzatenga tsache lawo. Anaima pakhomo, maso ali pamakatoni.

"Achimwene, tizilombo takufa m'nyumba mwanga n'tachiyani?"

Ndikanayankha m'Chingerezi, monga anzanga ankachitira, iwo akanangoti n'zakusukulu. Koma ine ndinali nditalumbira kuti sindidzasakaniza zilankhulo, ndipo ndinasankha mawu amene ndinkaona kuti ndi olemera.

"Mayi, ndikufufuza mmene chamoyo china chimasandukira chinzake."

"Kusanduka? Ndi munthu yemwe?"

"Ndi munthu yemwe, mayi."

"Yewo chomene," anathokoza m'chilankhulo chakwawo motsitsa mawu. Tsachelo analisiya.

Sindinaganize kuti kwa iwo, ndi kwa aliyense wokhala kunja kwa mabuku anga, wosanduka ndi mfiti imene imakhala fisi. Lachiwiri mwendo wawo unatupa. Lachinayi kunabwera amayi anzawo a mapemphero. Lachisanu, pochokera m'kalasi, ndinapeza chitseko changa chili pululu, utsi ukufuka kudzala. M'phulusamo munatsala timasingano tokha.

"Ndakuthandizani," anatero mayiwo, atakhala pampando, mwendo uli pandowa. "Anthu akanamva, akanakugendani. Ine ndangotentha makatoni."

Mphunzitsi wanga anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa kuti, "Nanga Chingerezi chinakulakwirani chiyani?" Anandiuza kuti ndikatolerenso, ndipo anandikumbutsa za katswiri wa sitima uja, ngati kuti ndinali nditamuiwala.

Ndinatsikiradi kudambo ndi kaukonde kanga. Koma m'miyezi imene ndinali kuweramira makatoni, malowo anali atadulidwa mapuloti. Pamene panali maluwa akutchire, tsopano panali uvuni wa njerwa. Kamtsinje kanali katakwiriridwa, ndipo njinga zamoto zinkadutsa pamenepo zitanyamula matumba a simenti. Sabata yathunthu ndinagwira agulugufe atatu, onse a mtundu umodzi. Katswiri uja anapeza nkhalango ina ikumudikira. Ine dambo langa linali limodzi.

Ndinasintha mutu wa kafukufuku. Ndinalemba za ntchentche zakumsika waukulu, ndipo zambiri ndinazigwirira pafupi ndi benchi la mayi omwewo, amene ankandipatsa moni mwansangala tsiku lililonse, monga munthu amene anamupulumutsa.

Mawu oyenera analipo: kusintha. Ndinawakana tsiku lija chifukwa ndinkaona kuti ndi wamba, osayenera munthu wophunzira.