Mizere ya a Eveles pansi pa bulugamu

Nthawi ili ngati naini koloko m'mawa, a Eveles ali kale pamzere wachisanu kubandira chimanga, koma dzuwa silinawakhudze pamsana. M'minda ya anzawo anthu thukuta lili kamukamu. Iwo ali mumthunzi, mame adakali m'masamba.

A Eveles ndi mayi wa ana anayi wa kuno ku Chiringa. Munda wawo weniweni udakwiriridwa ndi miyala chaka cha Napolo, ndipo amuna awo adapita ku Mozambiki osabwerako. Kamunda kano adawapatsa ndi amalume awo, a Makina, amene amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Thyolo. Powapatsa adanena mawu amodzi: "Lima, koma bulugamu wangayo usamukhudze. Ndi milimo ya nyumba yanga ndikadzapuma ntchito." Nthawiyo mitengoyo inali yolekeza m'chiuno. Lero yaima m'malire chakum'mawa ngati khoma, ndipo theka la munda limaona dzuwa masana okha.

Chaka chino, cha 1999, adalandira sitata paki ya boma. Feteleza wake ngwochepa, aliyense akudziwa. A Eveles adayang'ana munda wawo monga mayi ayang'anira ana: wodwala ndiye ayambe kudya. Chimanga cha kumthunzi chinali chachikasu, chowonda ngati udzu. Ndiye adathira feteleza yense kumeneko, kachitsekero ka botolo phando lililonse. Cha kudzuwa adachisiya, ati chili ndi mphamvu kale.

Padutsa milungu itatu. Chachikasucho changotalika, mphepo ikawomba chikugona. Chakudzuwacho nacho chayamba kufuwa.

A Zelifa, a munda woyandikana nawo, adaima pamalire khasu lili paphewa.

"Amwali, mwadzala chimanga kapena anyezi?"

"Sekani, anzanga. Mano ndi anu."

"Ayi, ndikufunsa! Mwina ndi mbewu yatsopano ya boma."

Alangizi a zaulimi atadutsa pa njinga, a Eveles adawaimitsa. Bamboyo adathyola tsamba naliyang'anitsa kumwamba.

"Mayi, chimangachi sichikulira njala. Tsamba ndiye khitchini yake. Kubiriwira kuja ndi kumene kumagwira dzuwa, ndipo dzuwalo ndiye moto. Feteleza ndi ufa chabe. Inu mwapereka ufa kwa munthu wopanda moto."

"Nanga nditani?"

"Dulani mitengoyi. Kapena sadzani nthambi."

Kunena n'kosavuta. Akadula, a Makina atha kulanda munda, ndipo kubanja palibe amene angaikire kumbuyo munthu wophwanya mawu a mwini mbumba. Akasiya, nkhokwe ithera mu Ogasiti. Chikwanje chili m'nyumba, chakuthwa bwino. Kawiri konse adafika nacho patsinde, nabwerera.

Ine ndidawapeza tsiku lobandiralo, ndikuchokera kusikelo ndi mwana kumbuyo. Amadziwa kuti ndidafika Sitandade 7. Adaika khasu pansi, napukuta manja pachitenje.

"Mayi a Hilda, muli ndi pepala kwanu? Mundilembere kalata kwa amalume. Muyambe ndi moni wambiri, mufunse za mwendo wawo uja. Musalembe kuti kudula, iyayi, angapse mtima. Mulembe kuti ndikupempha nthambi zokha, za m'munsi, zoyang'ana kumunda. Ndipo munene kuti ayankhe msanga, chimanga chisanamasule."