Khoswe wa Nthambo ya ku Sola

Ndine amene ndinakhapa mphira wokuta nthambo yaikulu ija, yotenga magetsi amphamvu kuchokera ku sola kupita kumgodi kuno ku Bindura. Tinkaikwirira m'ngalande dzuwa likuswa mtengo, fosholo yanga n'kuphonya. Ndinali nditatopa moti ndinangotembenuzira balalo pansi, n'kuthirapo dothi msangamsanga.

Mvula itagwa, madzi analowa pabalapo ndipo magetsi anathima. Akapitawo atafukula anapukusa mutu, n'kuyamba kudandaula mosakaniza ndi chilankhulo cha kuno.

"Makonzo aya, ndikunena makoswe! Atimaliza, mukoma, m'bale wanga."

"Zoonadi bwana, ndi ankhanza," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Basi anandipatsa ntchito yotchera misampha. Mpaka lero ndimazungulira mpanda wonsewo ndi chidebe cha nyambo, msana ukuwawa, kusaka khoswe amene wavala ovolosi yangayi.