Mankhusu a nyemba pa parashoki

Bom dia nonse. Parashoki, kaya kuti bampala, ya galimoto yonyamula mkwatibwi Loweruka ija ndaipenta ndekha lero.

Ndaimasula, ndaikwecha ndi lisha, pepala lokhakhala lija, ndaitsuka, kenako ndapopera tinta yoyera kawiri. Inawala bwino. Ndaiyanika kuseri kwa nyumba n'kupita kukasamba m'manja.

Pobwera ndapeza mayi akunyumba kuno akupeta nyemba pomwepo, mphepo ikuwomba kuloza ku parashoki. Mankhusu onse amatirira pa tinta yaiwisi. Pano ikuoneka ngati nkhuku yosamaliza kusosola.

Ndakalipa zenizeni. Iwo akuti, "Inu abambo, pano ndimapetapo chaka chilichonse. Garaji yanu mukamange kwina."

Sindingaikwechenso isanaumitsitse, ndipo kuno ku Tsangano kukuzizira, siuma msanga. Achimwene, mwana akukwatiwayu ndi wanu. Tikamutenge ku Furancungo popanda parashoki, kapena tingoiphimba ndi chitenje?