Mkono M'mwamba pa Nsipe

Chaka chomwe sindinasankhidwe kupita ku sekondale, amalume anandipatsa ntchito yogulitsa mbatatesi zawo m'mbali mwa msewu pa Nsipe. Anandichenjeza kuti akangomva dandaulo, ndibwerera kumudzi kukagwira khasu. Khasulo ndinkaliopa, koma kuwakhumudwitsa ndinkaopa koposa.

Vuto langa linali chikanga. Chinandigwira mkono wamanja, ndipo chifukwa chokandakanda mwanabere anatupa m'khwapa. Kuchipatala adokotala anandipatsa mafuta opaka ndi mapiritsi, nati, "Osakanda. Uzisisita pang'onopang'ono kulowera kukhwapa, ndipo ukapeza mpata uzikweza mkonowo kuti kutupa kuphwe."

Mpata ndinali nawo tsiku lonse. M'mawa mwake ndinaima pambali pa ndowa zanga, mkono m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho, zomwe kusukulu sindinachitepo.

Minibasi inaima.

"Balaka, achimwene! Malo alipo!" anakuwa kondakitala.

Ndinapukusa mutu.

"Nanga mukuimitsa chiyani? Mvula?"

Ina inaima, inanso, aliyense ndi chipongwe chake. Mkono sindinatsitse, adokotala sananene kuti ndizitsitsa galimoto ikamabwera. Kenaka kondakitala wina anachita kutsika, nanditsegulira chitseko, nati, "Tiyeni bwana, mwaima nthawi yaitali." Chibadwire palibe anali atanditchulapo bwana. Ndinaona kuti kukana kukhala mwano, ndipo ndinakwera.

Tinayenda ndithu ndisanalimbe mtima kunong'ona kuti ndinalibe ulendo. Minibasi yonse inaseka, mpaka mayi wina anatsamwa nzimbe. Ananditsitsa, ndinabwerera wapansi, ndikukonza mawu otsanzikira ntchito.

Ndinapeza amalume ataima pamalo panga, ndowa zili pululu. Ndinagwada patali.

"Amalume, ndalakwa."

"Unapita kuti?"

"Sindikudziwa."

Mayi wogulitsa tomato pafupi nane ndiye anandiyankhira. Anati chiyambire malonda sanaone magalimoto akuima pamenepo ngati tsiku limenelo, ndipo okwera ankagula kudzera pawindo; mbatatesi zotsala anandigulitsira yekha nditasowa.

Amalume anandiyang'ana, nayang'ana mkono wonyezimira mafutawo.

"Adokotalawo akuti uchira liti?"

"Akuti posachedwa."

"Usathamangire kuchira," anatero. "Mawa ubwere. Koma mayi, akayamba kulowera kuchitseko, muzimugwira malaya."