Moyo Unapezeka ku Chelstone

Kampani ya boma imene bambo anga ankagwirako itagulitsidwa, amuna omwe anachotsedwa nawo ntchito anagawikana pawiri. Ena analowerera m'mabala, ena m'matchalitchi atsopano aja ankapempherera m'makalasi a sukulu. Bambo anga analowerera kumwamba. Anali ndi wailesi ya mlongoti wautali, ndipo ankaswera nayo pakhonde la nyumba yathu ku Kabwata, kumvetsera nkhani zakunja. Ndi mmenemo anamva kuti asayansi ayamba kupeza maiko ozungulira nyenyezi zina, monga momwe lathuli limazungulirira dzuwa. Kuyambira pamenepo makutu athu sanapumenso.

Amene ankatidyetsa anali amayi, ndi zovala za salaula, zovalidwapo kale, zomwe ankagulitsa ku City Market. Ine ndinali nditamaliza sekondale, ndipo ndinkawathandiza pabenchi lawo podikira malo ku koleji. Tikabwera madzulo miyendo ili mbuu, bambo ankatichingamira pageti ngati munthu amene wawina mpikisano.

"Amake bana, mwamvela? Bapeza ina futi. Iyi niyakupya maningi, munthu sangankaleko. Koma bazapeza yabwino, ya manzi, yosapya, yosazizila. Ndiye tizaziba kuti sitili teka."

"Bakaipeza mubafunse ngati kuli nchito," amayi ankatero, uku akutula chimtolo cha zovala.

Mayi wina woyandikana nafe, wa mpingo wa mapemphero, ananena kuti zamoyo zakumwambazo ndi ziwanda basi, ndipo tsiku lina anabwera kudzaika manja pa wailesi ija. Bambo anamulola, koma anamupempha kuti asakhudze mlongoti, poti anali atavutika kupeza siteshoni.

Ine ndiye ndinayambitsa mavuto, ndi kamwa langa losatsekeka. Loweruka lina tikuchapa panja ndinawafunsa kuti asayansiwo amawaona bwanji maikowo, pomwe nyenyezi yeniyeniyo ndi kadontho chabe. Nkhope ya bambo inawala. Munthu amene wakhala miyezi osafunsidwa kalikonse ndi aliyense ndi woopsa ukamufunsa.

"Sibaiona! Ndiye nzelu yake iyo. Leta baketi."

Anatenga ndowa ya amayi yamadzi a sopo, anaigwira ndi manja awiri, n'kuyamba kuzungulira nayo pakati pa bwalo. Ndowa inkawakoka, iwo n'kumapendekera uku ndi uku, matako kumbuyo, patapata imodzi itavuka.

"Manje ganizani kuti baketi simuiona. Muona chabe ine nigwedezeka. Nyenyezi ikagwedezeka, yabwela, yayenda, yabwela, yayenda, pa nthawi imozimozi, ninshi pali chinthu chamene chiidonsa. Olo usachione, chilipo."

Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Amayi sanaseke. Anaima ndi malaya onyowa m'manja, kuwayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenako anati, "Oho. Pa nthawi imozimozi." Anafinya malaya aja mwamphamvu moti ndinawamvera chisoni.

Amayi anga sanapite patali ndi sukulu, koma phunziro limenelo analimva kuposa mphunzitsi wake. Nyenyezi yathu inkagwedezeka Lachisanu lililonse. Mmawa inkapolisha nsapato, n'kunena kuti ikupita m'tauni kukafunafuna ntchito. Inkabwera madzulo ilibe ntchito, koma ili ndi fumbi m'miyendo ya thalauza lomwe silipezeka pa Cairo Road. Loweruka shuga ankakhala atatsika m'chitini. Sopo wochapira ankafupika yekha. Ndipo mu belo la zovala za ana lomwe amayi anatsegula mwezi umenewo, tidiresi tiwiri tabwino tinasowa, tomwe anali atatiika kale pambali kuti tikagulitsidwe pamtengo wabwino.

Chotsiriza anatipatsa ndi kondakitala. Tsiku lina bambo anatiperekeza m'tauni, ndipo tikudutsa pamalo okwerera maminibasi, mnyamata wa basi ya ku Chelstone anawakuwira mwansangala: "Ba mudala! Lelo si Friday, koma tiyeni, mpando wanu ulipo!" Bambo mwadzidzidzi anachita chidwi ndi mitambo.

Ine ndinkaopa. Ndinali nditaona mabanja a mumsewu mwathu akutha, katundu akuponyedwa panja anthu akuonerera pa mipanda, ndipo ndinkadziwa kuti amayi akapeza chomwe ankachifunacho, nyumba yathu sidzakhalanso ndi anthu onse omwe ndinkawakonda. Bambo anali wotopetsa, koma anali wanga.

Lachiwiri lotsatira amayi anasiyira mnzawo benchi, anavula ndolo n'kuziika m'chikwama, anamanga chitenje kawiri m'chiuno. Mkazi wa ku Lusaka akavula ndolo masana, sakupita kokacheza. Anandiuza kuti ndiwatsate, ntchito yanga ikhala yogwira chikwama. Tinakwera basi ya kondakitala yemwe uja. Amayi anamugulira chakumwa chozizira, ndipo tisanafike pa thanki ya madzi ya ku Chelstone anali atatiuza potsikira, njira yolowera, ngakhale mtundu wa geti.

Inali nyumba yaing'ono ya kuseri kwa nyumba ina, ya chipinda chimodzi. Amayi anagogoda ngati apolisi. Anatsegula ndi mzimayi wowonda, wamkulu kuposa iwo, atanyamula sefa ya ufa. Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti akhumudwa. Anali atakonzekera mtsikana wopaka milomo.

"Ndimwe?" anafunsa.

Mzimayiyo anamvetsa msanga. Anaika sefa pansi. "Ndimwe ba ku Kabwata. Ngenani, mayo. Wamene mufuna kulibe. Anali mufana wanga. Tinamuika ku manda ya Chingwele mvula isanayambe."

Amayi anakhala pa mpando womwe anapatsidwa, chitenje chili chomangabe kawiri. Anayenda ulendo wonse uja ndi ndewu yathunthu m'chifuwa, ndipo panalibe woti amupatse. Mzimayi uja anafotokoza kuti mng'ono wake ankagwira ntchito ku kantini ya kampani ija isanagulitsidwe, kuti anadwala nthawi yaitali, ndipo kuti iyeyo anangobwera kuchokera ku Ndola kudzadwazika. Tsopano ankafuna kubwerera kwa ana ake, koma bambo anga ankangoti adikire pang'ono, apeze kaye mpata wolankhula ndi akunyumba.

Kenako nsalu yotchinga bedi inagwedezeka, ndipo panatuluka kamtsikana ka zaka ngati zinayi, kali ndi tulo m'maso. Kanavala diresi lachikasu la kolala yoyera, limodzi mwa aja anasowa mu belo. Ndinalizindikira pomwepo. Koma ngakhale kakanavala thumba la makala, makutu akanatiuza. Kwathu makutu a bambo timawadziwa: amaima pambali pa mutu ngati zogwirira za poto. Ine ndinapatsidwa omwewo, ndipo ndavutika nawo moyo wanga wonse.

Kamwanako kanabwera molunjika kwa ine, mwina poona makutu, n'kundigwira chala.

Amayi anafunsa ngati kanadya. Anafunsa za kuchipatala, za achibale a malemu, za amene ayenera kuuzidwa. Analankhula ndi mzimayi uja nthawi yaitali ndi mawu omwe amagwiritsa ntchito pogula belo, opanda chifundo, opanda chipongwe. Pomaliza anagwirizana kuti mwana apita nafe tsiku lomwelo, ndipo akuluakulu a mbali zonse adzakhala pansi Lamulungu. M'basi pobwerera, kondakitala sanatiyang'ane n'komwe.

Tinawapeza bambo pakhonde, wailesi ili pakhutu. Anaimirira ndi nkhani yatsopano ili kale pakamwa, kenako anaona chomwe ndinanyamula. Mwana anatambasula manja n'kunena kuti, "Adadi." Wailesi inapitiriza kulankhula yokha.

"Mwativuta maningi kufunsa ngati kwina kuli moyo," anatero amayi. "Tayendako. Ulipo. Ulibe nsapato."

Ndinkayembekeza kuti katundu wa bambo auluka pageti. Amayi anangowadutsa n'kulowa m'nyumba. Anatha miyezi yambiri osawalankhula mwachindunji, ndipo uthenga wonse unkadzera kwa ine, ngakhale wopempha mchere. Koma sanawathamangitse, ndipo Lachisanu nsapato zinasiya kupolishidwa.

Madzulo a tsiku loyamba lija amayi anateleka madzi, anawathira mu ndowa yomwe ija bambo anazungulira nayo, n'kuimika mwana m'beseni kuseri kwa nyumba. Ine ndinagwira thaulo. Anamusambitsa mwaukali ngati akutsuka poto, mikono, khosi, msana, mwana akungowayang'ana. Atafika pa makutu anachepetsa mphamvu. Anapinda limodzi, n'kutsuka kuseri kwake pang'onopang'ono ndi chala, ndipo ndinaona misozi ikugwera m'madzi a sopo. Ndinali ndisanawaonepo amayi anga akulira, ngakhale pamaliro.

"Ungoimilila chabe?" anandikalipira osatukula mutu. "Leta thaulo. Mufana wako amvela mphepo."