Mkazi wanga atayamba kudomola

Kuno ku Yofu palibe amene sadziwa mawu anga. Ndikaitana bwato lili kutali, limatembenuka. Kudyanso ndimadya momwemo, nthongo ya kondoole ngati chibakera, nsomba mpaka mutu. Ndiye kudomola ine ndinkakunyoza. Timati kudomola nsomba ikamangokhudza nyambo, n'kuchotsako kachidutswa osameza mbedza. Mwana wokhuta mango akamatsina ndiwo asakufuna, akudomola. Ngakhale mbuzi ikadutsa m'chinangwa n'kuthyola nsonga zokha, timati yangodomola, mlandu wake sukula.

Chaka chimene mkazi wanga anachoka kuchipatala ataonda ngati bango, naye anayamba kudomola. Anamwino anandiuza poyera kuti mankhwala akewo safuna m'mimba mopanda kanthu, akapanda kudya sadzukanso.

Ndinkaika mbale n'kuima pamutu pake.

"Mayi, idyani. Ndawotcha ndine ndemwe, mukufuna akuwotchereni ndani?"

"Bambo, mukundidyetsa kapena mukuitana sitima?"

Ankatsina kanyama kakumchira n'kukankha mbale. Ndikakweza mawu, ngakhale kakumchirako ankakasiya.

Tsiku lina masana ndinatsikira kumiyala mtima utandipsa, ndinakhala pamwala mapazi ali m'madzi. Kunalibe mphepo. Mapiri a ku Mozambiki ankaoneka ngati akuyandama, sindinkadziwa pamene madzi athera ndi pamene mitambo yayambira. Tulo tinandigwira mbali imodzi. Ndinamva ngati wina akundisoka mapazi ndi singano yosathwa, mofatsa, osafuna kundidzutsa. Nditasuzumira, tinsomba tam'miyala tija, tabuluu ndi tachikasu, tinali titazungulira zidendene zanga, tikudomola ming'alu. Kena kabwera, kakhudza, kabwerera, kaima m'madzi ngati kakuganiza za kwawo, kabweranso. Ndinagwedeza chala chimodzi, tonse balala. Ndinauma ngati mwala womwewo, tinayamba kubwera kamodzikamodzi. Ndinakhala pamenepo mpaka zidendene zinasalala, zimene mwala wokhulira unazilephera chibadwire changa.

Nditafika kunyumba ndinawotcha utaka, ndinachotsa minga, n'kuika kambale pamphasa pafupi ndi dzanja lake. Ndinakakhala pakhomo nditamupatsa msana, n'kumasoka ukonde umene sunang'ambike n'komwe. Inu, kukhala chete kumawawa. Kumbuyoku ndinkamva kambale kakuti gwede, kenako zii mpaka ine kutaya mtima, kenako gwede. Khosi linkafuna kutembenuka lokha, ndinkaligwira.

Tsiku limenelo anadomola mbali imodzi ya nsomba, mankhwala anakhala m'mimba osabwerera. Mawa lake chimodzimodzi, ndinaonjezako kachinangwa kootcha. Masiku anapita choncho, ine pakhomo, ukonde pamiyendo, mthunzi wa mlambe ukuyenda pabwalo. Achimwene anga a ku Khuyu anabwera wapansi kudzafunsa ngati ndikudwala, ati kwawoko asiya kundimva.

Ali pomwepo achimwenewo, m'nyumba munatuluka mawu, ochepa koma ake enieni.

"Bambo, mukadali ndi moyo panjapo?"

"Ndilipo, mayi."

"Ukondewo mwausoka mpaka maso atsekeka. Bwerani mudzatenge mbale yanuyi. Mchere simunathire, mumaumira ngati mumakagula ku Joni. Ina yatsalayo musapserezenso, ndiifuna ndi mutu womwe."

Ndinadzuka, ukonde unandikola mwendo, achimwene n'kumaseka. Mbale inali mbee.